Kompyuta ikuzima ndikamarenda vidiyo: ndigule RAM yothamanga?

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wina wa pa boma pa Ntcheu. Walemba motere:

"Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, madzulo ndimaseweranso magemu. Kompyuta ndinalumikiza ndekha chaka chatha: Ryzen 5 5600G, motherboard ya B450, RAM imodzi ya 8GB. Posachedwapa ndagula graphics card ya RX 580 yakaunjika ku Lilongwe. Power supply ndi yomwe inabwera ndi kesi, yolembedwa 650W. Popeza ilibe waya wa khadiyo, ndinagula kachingwe kotenga magetsi pa mapulagi awiri a SATA. Chiikireni khadiyo, ndikangoyamba kurenda vidiyo kapena gemu ikafika pokoma, makina amangozima ngati wina wazula pulagi. Anzanga akuti RAM yachepa, ndigule yowala ija ya 3600. Chinanso, ndinagula fulashi ya 2TB motchipa, ndinaikamo mavidiyo a ukwati wa kasitomala. Mayina a mafayilo akuoneka koma ambiri sakutseguka. Ndalama ndi zochepa. Ndiyambire pati?"

Achimwene, mtima m'malo. Pa zomwe mwalembazi sindikuonapo chizindikiro choti purosesa kapena motherboard yawonongeka, ndipo zida munasankhazo n'zogwirizana ndi ntchito yanu. Koma anzanuwo akukulozerani kolakwika. Mukagula RAM yowalayo lero, mawa makina azimabe, ndalama zitapita. Amene ndikumukayikira ine ndi bokosi lomwe anthu ambiri salilabadira, power supply, yomwe imagawa magetsi ku zida zonse, pamodzi ndi kachingwe munagula kaja.

Chitani ichi lero lomwe. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, chotsani RX 580 ndi kachingwe kake, kenako lumikizani sikirini pa HDMI ya motherboard. Ubwino wa 5600G ndi woti ili ndi graphics yakeyake mkati, ndiye chithunzi chibwera ndithu. Rendani vidiyo yomwe ija inkazimitsa makina (kurenda ndi kuuza pulogalamu kuti itulutse vidiyo yomalizidwa). Mwina ichedwerapo, koma ikamaliza osazima, mlandu watsala pakati pa khadi ndi power supply.

Zida za kompyuta chilichonse chimadwala mwa mtundu wake. RAM ikachepa makina sazima ayi, amangolemera, pulogalamu imaima kaye ngati yagona kenako n'kudzuka. RAM ikakhala yowonongeka mumaona sikirini ya buluu, nthawi zina yolembedwa MEMORY_MANAGEMENT, kapena pulogalamu kudzitseka yokha. Kutentha kumayamba ndi phokoso la mafani ndi kuchedwa, kuzima kumabwera pambuyo. Koma kuzima kwadzidzidzi, kopanda uthenga uliwonse, pa nthawi yeniyeni imene khadi yayamba kugwira ntchito yolemetsa, kawirikawiri ndi nkhani ya magetsi. Mukalowa mu Event Viewer, momwe Windows imalemba zochitika, mupeza uthenga wa Kernel-Power 41. Usakuopseni, umangotanthauza kuti Windows sinazimitsidwe mwadongosolo, sutchula wolakwa.

Tsegulani chitseko cha kesi muwerenge chipepala chomatidwa pambali pa power supply. Nambala yaikulu ija ya 650W isiyeni kaye. Funani pomwe palembedwa +12V, pansi pake pali nambala yothera ndi A. Ichulukitseni ndi 12. Purosesa, khadi ndi mafani zonse zimadyera pa 12V, choncho yankho mupezelo ndiyo mphamvu yeniyeni ya bokosilo pa makina a masiku ano. Mabokosi obwera ndi kesi omwe amafika pa tebulo langa kuno ku Dedza, ambiri pamenepo amalemba 16A kapena 18A. 18 kuchulukitsa ndi 12 ndi 216W basi. Zotsalazo amaziwerengera pa 3.3V ndi 5V, komwe kompyuta yamakono sitengako zambiri, ena amangolemba poti palibe wowafunsa. Ya 650W yeniyeni imalemba pafupifupi 54A pamalo amenewo.

Tsono onani zomwe makina anu akufuna. AMD imati RX 580 imadya 185W, ndipo imalangiza power supply ya 500W. Purosesa yanu ndi ya 65W, koma ikapanikizika imatha kufika cha m'ma 88W. Onjezerani motherboard, RAM, disiki ndi mafani, mwadutsa kale 300W. Mukamangoyang'ana Facebook kapena kulemba kalata, makina onsewo sadya ngakhale 100W, n'chifukwa chake masana amaoneka abwinobwino. Zili ngati lole yosenza matumba a mbatatesi kuchokera ku Tsangano: pachidikha imathamanga ndithu, koma injini yake mumaidziwa pamtunda. Kurenda vidiyo ndiye mtundawo. Ndipo ndinene kuti muli ndi mwayi kuti bokosi lanulo likumadzizimitsa. Ena otchipa alibe n'chitetezo chomwe, amangophulika, n'kupita ndi motherboard ndi disiki yomwe.

Kachingwe kaja ndiko kakundidetsa nkhawa kuposa china chilichonse m'kalata yanu. Pulagi ya SATA anaipangira ma hard disk, ndipo pa 12V malire ake ndi 54W. Pulagi ya 8-pin ya khadi anaipangira 150W, kuwonjezera pa 75W yomwe khadi imatenga pa slot ya motherboard. Mapulagi awiri a SATA akupereka 108W pa pepala, ndipo nthawi zambiri onse awiri amakhala pa waya mmodzi wochokera m'bokosi. Tizingwe totere ndationa tambiri titapsa: pulasitiki yakuda itasungunuka n'kumatirira pa pulagi, waya wachikasu atasanduka wofiirira, fungo lake lokanirira m'chipinda mpaka mawa lake. Inu mumasiya vidiyo ikurenda usiku n'kukagona, si choncho? Kachotseni. Power supply ikakhala ilibe pulagi ya khadi, ndiye kuti woipanga sanaipangire khadi yotere.

Ndalama zoyamba zipite kumeneko. Power supply ya 550W kapena 650W yochokera kwa opanga odziwika, monga Seasonic, Corsair, Cooler Master kapena be quiet!, ikukwanirani ndipo itsalako. Ya 1000W n'kutaya ndalama, kompyuta imangokoka zomwe ikufuna. Pa katoni mudzaona chizindikiro cha 80 Plus, chomwe chinayamba mu 2004. Chimatanthauza kuti pa magetsi onse omwe bokosilo likukoka kukhoma, osachepera 80 pa 100 alionse akufika ku zida, otsalawo akusanduka kutentha. Bronze ndi Gold zimaposa pamenepo pang'ono. Koma chizindikirochi chimayeza kusawononga magetsi kokha, sichinena za kulimba kwa zam'kati, komanso stika aliyense atha kusindikiza. Choncho yang'ananinso zina: palembedwe kuti ili ndi OCP, OVP, SCP ndi OPP, zomwe ndi zitetezo zake, palembedwe 100-240V, kusonyeza kuti imapirira magetsi akatsika, ndipo pulagi ya 6+2 pin ikhale yotuluka m'bokosi momwemo. Inyamuleni m'manja. Yabwino imalemera, yachinyengo imapepuka ngati mulibe kanthu. Opanga abwino amapereka waranti ya zaka zisanu kapena kuposerapo, koma tinene zoona, kubweza katundu ku Johannesburg kapena ku Dubai si masewera. Funsani wogulitsayo kuti iyeyo payekha akupatsani miyezi ingati, ndipo alembe pa lisiti.

RAM yakaunjika ndimagula popanda mantha, koma power supply yakaunjika ndimaiopa, chifukwa ma capacitor ake, tizida tosunga magetsi m'kati mwake, amakalamba mwakachetechete ndipo kunja simungaone. Mukapeza yakale yokhala ndi kaswichi kofiira kumbuyo, kolembedwa 115 ndi 230, dziwani kuti magetsi athu ndi a 230V. Mwana akangokasuntha kupita pa 115, phokoso lake mudzalimva muli panja. Mukagula ya mawaya ochotseka, musabwereke waya wa bokosi lina ngakhale akulowa bwinobwino, chifukwa kalumikizidwe kam'kati kamasiyana. Ndipo bokosilo musalitsegule. Ma capacitor ake amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi.

Kwa owerenga ena omwe muli ndi makina a muofesi, monga Dell OptiPlex kapena ma HP ang'onoang'ono aja: ambiri a iwo ali ndi mapulagi awoawo pa motherboard, ndiye power supply wamba silowa. Njira yosavuta ndi khadi yosafuna waya, monga mitundu yambiri ya GTX 1650, yomwe imakhutira ndi 75W ya pa slot.

Mukasintha power supply makina n'kumazimabe, diso litembenukire pa khadi. Ma RX 580 ambiri akaunjika anagwirapo ntchito yokumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku, ndipo phala lochotsa kutentha (thermal paste) lapakati pa chip ndi chitsulo choziziritsa linauma kalekale. Ikani pulogalamu ya HWiNFO muone kutentha pamene mukurenda. Ikamakwera kufika cha m'ma 90°C, ikufunika kupukutidwa ndi kuikidwa phala latsopano. Ife a ku Dedza kuzizira kwa June ndi July kumatibisira mavuto ambiri, koma October akafika ndi fumbi lake, makina omwe ankaoneka athanzi amayamba kubwera motsatizana. Uzirani fumbi ndi blower, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira.

Power supply yabwino siiletsa magetsi kuthima. Pa ntchito ngati yanu, chotsatira ndi UPS, bokosi la batire lomwe limapatsa makina magetsi akathima, yokhala ndi AVR yowongola magetsi akatsika kapena kukwera. Chenjerani ndi nambala zake: 650VA si 650W, zambiri zotere zimanyamula cha m'ma 360W, ndipo makina anu ndi sikirini ali kale pamalire. Funani ya 1000VA kapena kuposa. Idzakupatsani mphindi zochepa chabe, zokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa mwaulemu. Batire yake imatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, koma imasinthika. Ngati mumagwiritsa ntchito sola, inverter ikhale ya pure sine wave, chifukwa zinazo zimachititsa power supply kulira ndipo zina zimaizimitsa. Mvula ikayamba ndi ziphaliwali, palibe UPS kapena ekisitenshoni yomwe ingalimbane ndi mphenzi. Zulani pulagi kukhoma basi.

Tibwere ku RAM. Anzanu sananame kotheratu: 8GB ndi yochepa pokonza mavidiyo. Koma chomwe mukusowa si liwiro la 3600, ndi RAM yachiwiri. Purosesa yanu ili ndi njira ziwiri zolankhulirana ndi RAM, ndipo panopa ikugwiritsa imodzi. DDR4 ya 3200 ikakhala imodzi imadutsitsa 25.6GB pa sekondi. Ya 3600 imodzi imadutsitsa 28.8GB. Koma ziwiri za 3200 zimafika 51.2GB. Mukuona pomwe pali phindu? Palinso nambala ya CL, yosonyeza kuchedwa kwa RAM poyankha, yomwe ogulitsa sakonda kuitchula. 3200 ya CL16 ndi 3600 ya CL18 zimayankha pa nthawi yofanana ndendende, ma nanosecond 10. Magetsi owala aja ndi zitsulo zokongola zokutira pamwamba sizionjezera kalikonse pa liwiro. M'kati mwake, tchipisi ta RAM pafupifupi tonse timachokera ku makampani atatu, Samsung, SK hynix ndi Micron, kaya kunja kwalembedwa Kingston Fury, Corsair Vengeance kapena G.Skill. Ngati mumakonda kuwalako, palibe tchimo, ine ndemwe ndimakuyang'ana kukhala kokongola usiku, koma kudikire ndalama zikachuluka.

Ikani pulogalamu ya CPU-Z, mupite pa gawo lolembedwa SPD, mulembe dzina ndi nambala ya RAM yomwe muli nayo, mukafune inzake yofanana. Zosiyana nthawi zambiri zimagwira ndithu, koma zonse zimatsikira pa liwiro la yochedwayo, ndipo nthawi zina zimakanana. Thumba likalola, gulani ziwiri za m'katoni imodzi, yanuyo mugulitse. 16GB ikukwanirani pa mavidiyo a 1080p. Tsiku lomwe mudzayambe 4K, mudzafune 32GB. Motherboard ikakhala ya malo anayi, ambiri amafuna RAM ziwirizo pa malo achiwiri ndi achinayi kuwerengera kuchokera pa purosesa, olembedwa A2 ndi B2. Wina asakugulitseni DDR5 ponena kuti ndi yamakono. DDR4, yomwe inafika pamsika mu 2014, ndi DDR5 ya mu 2021 zonse zili ndi mapini 288, koma kampata kapakati kali posiyana ndipo B450 imalandira DDR4 yokha. Ikakana kulowa musaikakamize.

Pali liwiro lina lomwe mwina munalipira kale koma simukulidya. Tsegulani Task Manager, Performance, Memory. RAM yolembedwa 3200 pa katoni nthawi zambiri imayamba pa 2133 kapena 2400 mpaka mutayatsa XMP, yomwe imalola RAM kuthamanga pa liwiro lolembedwalo, mu BIOS, momwe mumakhala masetingi a motherboard. Pa ma board a ASUS a AMD amalemba DOCP, pa MSI A-XMP. 5600G inapangidwira 3200, ndiye pamenepo mulibe choopa. Makina akakana kuyaka mutasintha, zulani pulagi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zingapo, zonse zibwerera mwakale. Mukatha, ikani MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, pa fulashi muisiye iyese usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi ndi chokwanira kubweza RAM, pakuti RAM yodwala imaononga mafayilo mosaonetsera.

Za fulashi ndilibe uthenga wabwino, achimwene. Fulashi imeneyo si ya 2TB. Zenizeni zilipo, Kingston anatulutsa yake mu 2017 pa mtengo woposa madola 1,000, ndipo ngakhale mitengo inatsika, palibe yomwe ingagulidwe ndi ndalama ya kaunjika. Achinyengo amatenga kafulashi kakang'ono, mwina ka 8GB kapena 16GB, n'kusintha kachip kowongolera kuti kazinamiza kompyuta. Windows imakhulupirira zomwe yauzidwa. Mukamakopera, mayina a mafayilo amalembedwa koyambirira kwa fulashi, n'chifukwa chake mukuwaona onse ndi kukula kwake komwe. Koma malo enieni akadzadza, zotsalazo zimangotayika, kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale. Choncho mavidiyo omwe sakutsegukawo sanabisale, sanalembedwe n'komwe. Munthu akakuuzani kuti awabweza kuchokera mu fulashiyo mukamulipira, sungani ndalama zanu. Kuifomata sikuichiritsanso.

Chiyembekezo chili kwina. Memory card ya kamera yomwe munajambulira ukwatiwo, musajambulirenso chilichonse kuyambira pano. Ngakhale munafufuta kapena kufomata mwachangu, mavidiyo amakhalamobe mpaka zatsopano zitalembedwa pamwamba, ndipo pulogalamu ya PhotoRec, yomwe ndi yaulere, imatha kutolera ambiri. Zomwe yapeza muzisungire pa disiki ina, osati pa memory card yomweyo. Chimodzimodzi ndi disiki ya kompyuta ngati munakonzera pamenepo, ngakhale pa SSD mwayi umachepa kwambiri. Kasitomala muuzeni msanga momwe zinthu zilili. Kudikira kuti adzafunse yekha ndiko kumaononga dzina pa tauni yaing'ono ngati Ntcheu.

Kuyambira lero, fulashi iliyonse yatsopano iyesedwe isanalandire ntchito ya munthu. Pulogalamu ya H2testw imadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenga zomwe yalemba, ndipo siinamizika, koma imafuna kuleza mtima: 64GB yolemba 10MB pa sekondi imatenga pafupifupi maola awiri kulemba kokha. ValiDrive, yomwe Steve Gibson anatulutsa mu 2023, imayesa malo apa ndi apo ndipo imatha msanga, moti mutha kupita ndi laputopu kwa wogulitsa n'kuyesa iye akuona. Wokana kuyesedwa wakuuzani kale zoona. Koma musakangane ndi munthu chifukwa fulashi ya 64GB ikuonetsa 58 kapena 59, kapena ya 128GB ikuonetsa cha m'ma 119 kutsika pang'ono. Kumeneko ndi kusiyana kwa kawerengedwe pakati pa opanga ndi Windows, si kuba. Pa liwiro, USB 3.0, 3.1 Gen 1 ndi 3.2 Gen 1 ndi chinthu chimodzi chosinthidwa maina, ndipo pulasitiki ya buluu yokha si umboni. Suzumirani m'kati mwa pulagi: ya USB 3 yeniyeni ili ndi timapini tina tisanu kumbuyo kwa tinayi takutsogolo.

Chinanso chomwe chimavutitsa ojambula maukwati: fulashi yofomatidwa mu FAT32 siilandira fayilo yoposa 4GB ngakhale malo alipo. exFAT ilibe vuto limenelo, koma ma TV ena akale saiwerenga. Mufunseni kasitomala kuti akaonera pa chiyani, apo ayi dulani vidiyo m'zigawo zosafika 4GB. Ndipo ngakhale fulashi ikhale yeniyeni, ntchito yake ndi yopititsira vidiyo kwa mwini wake, si nkhokwe. Imagwa, imachapidwa m'thumba la buluku, imatenga kachilombo kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut ikangolowa m'kompyuta ya pamalo oikira nyimbo. Ntchito ya kasitomala izikhala malo awiri, m'kompyuta ndi pa hard disk yakunja, mpaka atalandira n'kuvomera.

Pali zina zomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Mukamva fungo la chopsa, mukaona pulagi yada kapena yasungunuka, kapena power supply ikamalira mwachilendo, zulani kukhoma ndipo musayatsenso "kuti muone". Pitani nayo kwa wokonza yemwe ali ndi power supply ina yabwino yoyesera, ayese khadi yanu pa makina ake musanagule kalikonse. Mukagwira kesi n'kumamva kakunjenjemera m'zala, vuto lili pa waya wa earth wa nyumba kapena wa ekisitenshoni, ndipo ameneyo ndi wa katswiri wa magetsi a m'nyumba wovomerezeka, osati wa makompyuta. Memory card ya ukwati ija ikakhala kuti kompyuta siikuiona n'komwe, kapena ikupempha kufomatidwa, musavomere, ipititseni kwa wodziwa momwe ilili.

Mukayesa kurenda khadi itachotsedwa, mundilembere zotsatira zake, munditumizirenso chithunzi cha chipepala cha pa power supply ndi cha SPD mu CPU-Z. Ndikaona zimenezo ndidzatha kukuuzani RAM yeniyeni yoti mukafune ku Lilongwe.